Mwaonera Filimu, Ndiye Anzanu Muwauza Chiyani?

Filimu masiku ano imayenda ndi pakamwa. Wina amaitchula mu minibasi, wina pa saluni akumangitsa tsitsi, wina pagulu la WhatsApp, ndipo pofika madzulo pali munthu amene wagula bandulo kapena watenga memore khadi kupita kokopetsa chifukwa cha mawu anu. Ndalamayo ndi yake, maola awiriwo ndi akenso. Munthu amene wakukhulupirirani chotere ayenera kumva zoona. Mafunso otsatirawa amabuka kawirikawiri anthu akamacheza za makanema, ndipo ndawayankha potengera mafilimu a ku Malawi ndi ku Zambia amene ndaonera, ena mobwereza, m'miyezi yapitayi.

Mnzanga akandifunsa kuti filimu ili bwanji, kodi kuyankha kuti "ndi yabwino" sikokwanira?

Sikokwanira. Mukati "ndi yabwino," "ili bho" kapena "ndi yobowa," mwangonena za mtima wanu, pomwe wofunsayo akufuna kudziwa ngati iyeyo angaikonde. Muuzeni kuti nkhani yake ndi yotani, ikuyenda mothamanga kapena mwachifatse, akuyankhula chiyankhulo chanji, ndiponso ngati ndi yoti n'kuonera pabalaza apongozi ali pomwepo. Mukatero tchulani chinthu chimodzi chimene chakana kuchoka m'mutu mwanu.

Titenge Fatsani: A Tale of Survival ya Gift Sukez Sukali, imene inatuluka mu 2020. Kungoti "ndi yomvetsa chisoni" sikuthandiza, poti zomvetsa chisoni zilipo zambirimbiri. Koma mukati, "Ndi ya kamtsikana kamene sukulu yake yatsekedwa, ndiye kakuyenda m'misewu ya m'tauni kugulitsa nthochi, ndipo uona mmene akuluakulu oyenera kukateteza akukachitira," mnzanuyo wadziwa kale ngati aionere usiku uno kapena aisungire tsiku lina.

Dziwaninso amene mukuyankhula naye. Filimu imene mungauze aphunzitsi opuma pantchito mwina si imene mungauze mnyamata wa kabaza amene wapalasa tsiku lonse ndipo akungofuna kupumitsa mutu. Si kuti wina ndi wanzeru kuposa mnzake ayi. Aliyense amafika pa sikirini ndi chimene akusowa tsiku limenelo.

Ambiri amatchula The Boy Who Harnessed the Wind. Kodi ndi yoyeneradi kuithera nthawi?

Inde, ndipo amene sanaionebe ndimamuuza kuti ayambire pomwepa. Ndi filimu ya 2019 imene Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain koma makolo ake a ku Nigeria, analemba, kutsogolera ndi kuseweramo ngati Trywell Kamkwamba, bambo a William. Anaijambula konkuno ku Malawi, inayamba kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu January 2019, ndipo inafika pa Netflix mu March chaka chomwecho. Nkhaniyo ambiri tikuidziwa: William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu, achotsedwa pa sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi, nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, koma apitirizabe kuwerenga mu laibulale mpaka kupanga makina otulutsa magetsi kuchokera ku mphepo ndi zitsulo zotola kudzala.

Koma ine ndikamaitchula kwa munthu sindiyambira pa makinawo. Ndimayambira pa njala. Pali pamene banja lakhala pansi kugwirizana kuti lizidya kamodzi patsiku, ndiye akufunsana kuti kamodziko kakhale kanthawi yanji. Palibe akukuwa, palibe akudzigwetsa pansi, koma m'mimba mwa woonera mumazizira. Palinso pamene William watumidwa kukagula chimanga cha boma, mzere n'kusanduka chipwirikiti, anthu akuponderezana pakhomo chifukwa aliyense akudziwa kuti matumba atha iye asanafike kutsogolo. Amene anali ndi nzeru kale mu 2002, chaka chimene boma linalengeza mu February kuti dziko lili pangozi ya njala, sangaonere zimenezi ngati sewero wamba. Ndipo kwa ana obadwa pambuyo pake, apa m'pamene angamvetse chifukwa chake agogo awo amakalipa nsima ikatayidwa.

Nzeru za mnyamatayo anazionetsanso bwino, mopanda phokoso. William wawerama pa njinga ya mphunzitsi wake, wazunguza gudumu, getsi layaka. Gudumu laima, getsi lazima. Nkhope yake yokha ikukuuzani kuti funso labadwa. Dainamo timaiona tsiku ndi tsiku, koma ndi angati tinaimapo n'kufunsa kuti kuwalako kukuchokera kuti?

Mtima weniweni wa filimuyi uli mwa bamboyo. Trywell ndi mlimi wakhama amene zonse zamulaka, akugaula nthaka youma chifukwa kukhala chete sangathe, ndipo mwana wake akumupempha njinga, chuma chokhacho chimene chatsala pakhomo, kuti aidule. Ukali umene akuuonetsa pamenepo ndi manyazi a bambo amene walephera kudyetsa ana ake. Abambo ambiri adzadziona mwa iye ngakhale sadzanena.

Zofooka zilipo ndithu, ndipo muzitchule. Chiyambi chimakoka pang'ono. Kumanga makinawo kumabwera kumapeto kwenikweni n'kutha msanga, moti mwana wokonda sayansi amene amafuna kuona mmene waya uliwonse unalumikizidwira adzatsala ndi njala. Nkhani ya Annie, mlongo wake wa William, inayenera kupatsidwa mpata woposa umene inapatsidwa.

Nanga Chichewa chake chija? Anthu ena anasiyira panjira chifukwa cha chimenecho.

Dandaulo limeneli ndi loona ndipo si loti n'kulibisa. Maxwell Simba, amene anasewera William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi a m'filimumo, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Ejiofor anachita kuphunzira Chichewa chifukwa cha ntchito imeneyi. Khutu la Mchewa limamva msanga kuti mawu akukwera pamene ayenera kutsika, ndipo nthawi zina mumapezeka mukuwerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi kuti mumve Chichewa chimene chayankhulidwa. Lily Banda, woimba wathu amene anasewera Annie, akangotsegula pakamwa kusiyana kumamveka pomwepo.

Ndiye mnzanu mumuuze asanaionere, kuti asathe mphindi zoyambirira akuseka kayankhulidwe n'kuphonya maliro amene akutsegula nkhaniyo. Koma mumuuzenso mbali inayo. Njira yapafupi inalipo: aliyense akanangoyankhula Chingerezi, monga amachitira mafilimu ambiri onena za Africa, ndipo kunja palibe akanadandaula. Ejiofor anasankha njira yovuta, ndipo chifukwa cha chimenecho anthu m'maiko ambiri anamva Chichewa koyamba m'nyumba zawo, anaona Gule Wamkulu akufika pamaliro, anaona munda wa chimanga wa ku Kasungu mmene ulili. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Izi sizifafaniza funso loti bwanji maudindo akuluakulu sanapatsidwe kwa Amalawi ambiri, ndipo funsolo tizilifunsabe. Chimene ndikukana n'choti vuto limodzi limeze filimu yonse. Lipatseni kukula kwake koyenera, basi.

Kodi zonse zili m'filimumo zinachitikadi?

Msana wa nkhaniyo ndi woona, koma zina anazisuntha. Makina oyamba amene William anamanga ali ndi zaka 14 ankayatsa magetsi ndi kuliza wailesi pakhomo pawo. Zopopa madzi othirira mbewu zinabwera patapita zaka, dzina lake litamveka, makamaka atayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Filimu inabweretsa madziwo kutsogolo kuti makinawo ayankhe njalayo mwachindunji. Kwa wopanga filimu zimenezi n'zomveka, koma kwa mwana wa sukulu amene akufuna mbiri yeniyeni, muuzeni awerenge buku la dzina lomwelo limene William analemba ndi Bryan Mealer, lotuluka mu 2009.

Filimu iliyonse yolembedwa kuti yachokera pa nkhani yoona muziitenga chotere. Mukamauza anzanu, siyanitsani zimene mukudziwa kuti zinachitika ndi zimene mwaona pa sikirini.

Ndingafotokoze bwanji filimu popanda kuulula mathero?

Nenani pamene nkhani ikuyambira, nenani kulemera kwake, kenako tsekani pakamwa. Chitsanzo chabwino ndi On Becoming a Guinea Fowl ya Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, imene inamupezetsa mphoto ya wotsogolera bwino m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes mu 2024. Mwa mafilimu onse amene ndaonera posachedwapa, iyi ndiyo yandigwira kwambiri.

Nditha kuifotokoza motere. Usiku, mtsikana dzina lake Shula akuchokera kuphwando pagalimoto, atavala chisuti chofufuma cha kuphwandoko, ndipo apeza mtembo wa amalume ake a Fred uli gone pamsewu. Salira. Maliro akuyamba: azakhali adzaza nyumba, matiresi ayalidwa pansi, atsikana ali kukhitchini kuphikira anthu osatha, ndipo akuluakulu akumudzudzula kuti bwanji maso ake ndi ouma. Pang'onopang'ono mukuyamba kuona kuti Shula ndi asuweni ake akudziwa kanthu kena kokhudza malemuwo, ndiponso kuti si iwo okha amene akukadziwa. Pamenepo ndaima. Sindinakuuzeni zimene zikuchitika pa msonkhano wa banja kumapeto, ndipo sindikuuzani.

Akuyankhula Chibemba ndi Chingerezi, koma maliro akewo ndi athu omwe. Mmene akumuchitira mkazi wamasiye, kamtsikana kakang'ono kamene akukanena kuti sikanasamale mwamuna wake, aliyense amene anakhalapo pa siwa adzazizindikira. Amene anakonda Neria, filimu ya ku Zimbabwe ya m'zaka za m'ma 1990 yonena za kulanda chuma cha amasiye, imene Oliver Mtukudzi anaseweramo ndi kuimbamo, muwauze kuti iyi ikuyenda njira yomweyo koma ikulowa mkati kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kubisa poopa kuulula. Filimuyi ikukamba za kugwiriridwa kwa ana aakazi m'banja. Simudziwa zimene mnzanu anadutsamo. Kumuchenjeza sikuononga filimu. Kumusiya kuti akumane nazo mwadzidzidzi ali yekha usiku ndiko kulakwa.

Ndinauza mnzanga kuti aonere I Am Not a Witch, iye akuti sanaimvetse ndipo inamutopetsa. Ndimuyankhe bwanji?

Choyamba musamunene kuti sadziwa mafilimu. Mufunseni pamene inamutayira. Kawirikawiri yankho lake lidzakhala loona.

Iyi ndi filimu yoyamba yaitali ya Rungano Nyoni yemweyo, ya 2017, imene inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Kamtsikana kamasiye, kamene Maggie Mulubwa anasewera, kanenezedwa ufiti pa zifukwa zopanda mutu, n'kutumizidwa kumalo kosungira amayi okalamba onenezedwa chimodzimodzi. Aliyense wa iwo wamangidwa kumsana ndi liboni yoyera yaitali yochokera pa chigudumu chachikulu, ati kuti asauluke. Kamwanako kauzidwa kuti kakadula liboniyo kasanduka mbuzi. Ndiye pakubwera bwana wa boma, a Banda, amene waona kuti apa pali ndalama: akukatenga kuti kaziloza akuba, akupita nako pa TV, pomwe alendo odzaona malo akujambula amayiwo zithunzi.

Wozolowera mafilimu a ku Nigeria, mmene munthu amanena zonse za kumtima kwake mokweza, apa adzavutika. Mwanayo sayankhula kwenikweni. Kamera imaima nthawi yaitali pankhope yake. Zinthu zoseketsa ndi zowawa zikubwera pamodzi, moti mumaseka kenako n'kuchita manyazi kuti mwaseka. Mathero sakufotokozerani kalikonse. Zonsezi anachita dala, koma kuchita dala sikukakamiza munthu kuti akonde.

Chimene mungachite n'kumuuza zimene inu munaona. Maliboniwo ndi nzeru ya Nyoni, si mwambo wa ku Zambia, ngakhale iye anakakhalako kumalo enieni osungira onenezedwa ufiti ku Ghana pokonzekera. Ndipo nkhaniyo si yakutali. Kuno lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuneneza munthu kuti ndi mfiti, koma agogo akupitirirabe kumenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene. Chinyanja chimamveka m'filimumo, ndipo a Banda tonse tinakumanapo nawo penapake. Mnzanuyo akamva zimenezi n'kunenabe kuti sanaikonde, musiyeni. Mwaphunzira kuti ulendo wina mumuuze filimu ya mtundu wina.

Pali imene tingaonere banja lonse pamodzi?

Ya William Kamkwamba ija ndi yoyenera ana amene ayamba kuzindikira, ngakhale pali imfa ndi kumenyedwa kwa mfumu kumene kungawaopse ang'onoang'ono. Ina ndi Can You See Us? ya Kenny Mumba wa ku Zambia, ya 2022, imene inafika pa Netflix mu 2023. Yatengera moyo wa woimba John Chiti, ndipo ikunena za Joseph, mwana wachialubino amene bambo ake omubereka amukana tsiku lomwe wabadwa. Chinyanja cha ku Lusaka chimamveka m'filimumo.

Monga filimu, ili ndi pofooka. Nyimbo zimakuuzani nthawi yoti mulire, masoka amabwera motsatizana kwambiri, ndipo gawo la Joseph atakula silifika pa mphamvu ya gawo la ubwana wake. Koma ndimailimbikitsabe, chifukwa kuno kwathu, kumene kuyambira cha mu 2014 abale athu achialubino akhala akusakidwa, kubedwa ndi kuphedwa, ana ayenera kuona mwana wotere akusewera, akupsa mtima, akuphunzira gitala, akukondedwa ndi bambo womulera. Pali malo amene anthu oipa akumuukira, choncho makolo muyambe mwaionera nokha, ndipo poonera ndi ana mukhale okonzeka kuimitsa n'kuyankha mafunso.

Mafilimu athu a ku Malawi amapangidwa movutikira. Kodi kuwadzudzula si kugwetsa mphwayi anthu amene akuyesetsa?

Apa m'pamene pandikhudza kwambiri. Tili ndi magulu awiri. Lina limaombera m'manja chilichonse chifukwa ndi chathu. Lina limati za ku Malawi sindionera, lisanaone n'komwe. Onse awiri sanaonere filimuyo mwaulemu, chifukwa onse anagamula asanakhale pansi.

Kuvutikako ndi koona. Opanga mafilimu athu ambiri amatulutsa ndalama m'thumba mwawo, amabwereka nyumba ndi magalimoto a abale, ndipo malo oonetsera makanema ndi ochepa, moti filimu imakhazikitsidwa mu holo kapena ku hotela kenako n'kupita pa YouTube. Shemu Joyah, amene ntchito yake anaphunzira ndi yoyeza malo, anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ya 2012 ndi The Road to Sunrise ya 2017 m'dziko lopanda thumba lodalirika la mafilimu. Munthu wotere amafunika oonera otsegula maso, osati omusisita pamsana.

Nditabwereza The Last Fishing Boat ndinaona kuti ikadali ndi mphamvu. Yusufu, msodzi wa ku Mangochi amene Hope Chisanu anasewera, akuona nsomba zikutha m'nyanja, mwana wake akuthamangira alendo odzaona nyanja, ndipo mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, amene anasewera ndi Flora Suya, akuyang'anidwa ndi mzungu. Nyanja anaijambula ngati munthu woikonda. Ndinganenenso kuti zokambirana zina n'zazitali, ndipo pena anthu amayankhula ngati akuwerenga m'buku. Kunena ziwirizi pamodzi si chipongwe. The Road to Sunrise, yonena za amayi awiri oyendayenda ku Blantyre, mmodzi wa iwo akuzengedwa mlandu wakupha, ndimaiyamikira chifukwa inakana kuwasandutsa chitsanzo cha mu ulaliki. Inawasiya akhale anthu okhala ndi ubwenzi, mantha ndi nthabwala zawo.

Kudzudzula kothandiza kumaloza malo. Musati "ndi yachibwana." Nenani kuti pa zochitika za pamsika mawu a osewera anamira m'phokoso, kapena kuti tinaonetsedwa galimoto ikutuluka pageti, kuyenda msewu wonse mpaka kukafika, pomwe nkhani inali itaima, kapena kuti mayi wakumudzi anadzuka m'mawa nkhope itapakidwa kale zodzoladzola. Mavuto atatuwa ndimawaona kawirikawiri m'mafilimu athu atsopano, ndipo awiri omalizawo safuna ndalama kuti akonzedwe, amangofuna diso. Wopanga filimu akamva zotere ali ndi pogwira ulendo wotsatira. Kuyamikira nakonso kuloze malo: tchulani wosewera amene anakugwirani mtima, tchulani amene anagwira kamera. Anthu amenewa mayina awo samveka kawirikawiri.

Chimodzi chokha ndimapewa: kunyoza thupi, nkhope kapena mtundu wa wosewera. Zimenezo sizikhudzana ndi ntchito yake.

Filimu ikapata mphoto, ndiye kuti ndi yabwino basi?

Mphoto imakuuzani kuti anthu ena odziwa ntchitoyi anaikonda, ndipo chimenecho ndi chifukwa chokwanira choti muiyese. Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ngati filimu yabwino ya kummwera kwa Africa, The Road to Sunrise n'kutenganso mphoto yomweyo mu 2018. Koma tizinena molondola. The Road to Sunrise ndi Fatsani zinatumizidwa ndi dziko lathu ku mpikisano wa Oscar. Sizinalowe m'gulu la zopikisana komaliza. Kutumizidwako n'kwaulemu kale, sikufuna kuwonjezera.

Ine ndimaonera omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ. Kodi maganizo anga pa filimu ndi omveka?

Ndi omveka, bola munene kuti munaonera yomasulira. Ma DJ amenewa agwira ntchito yaikulu. M'mavidiyo sho a m'misika, mmene anthu amakhala pa mabenchi chitseko chili chotchinga ndi nsalu, ndiponso pa mafoni m'midzi, afikitsa mafilimu a ku China, India, Korea ndi America kwa anthu amene sakanatha kutsatira mawu olembedwa m'munsi. Ena mwa iwo ndi aluso zedi pofotokoza nkhani.

Koma DJ samangomasulira. Amapatsa anthu mayina akwathu, amathira nthabwala pamene mwini filimu anafuna kuti pakhale zii, amafotokoza zimene munthu akuganiza, ndipo pena amakuuziranitu kuti uyu safika kumapeto. Choncho mukati filimu yakutiyakuti ndi yoseketsa, mwina woseketsayo ndi DJ, pomwe mnzanu akaipeza yosamasulira adzapeza nkhani yachisoni. Zachiwawa ndi zogonana nazonso sizichoka chifukwa choti mawu ali m'Chichewa. Makolo ambiri amapusitsika pamenepa n'kusiyira ana foni. Mukamauza mnzanu, tchulani zonse ziwiri, filimu ndi amene anaimasulira, chifukwa filimu imodzi yomweyo imatha kukoma kwa DJ uyu n'kuonongeka kwa wina.

Ndikaikonda filimu, kodi kulakwa kuli pati kumukopera mnzanga pa fulashi?

Tonse tikudziwa chifukwa chake zimachitika: bandulo ndi yodula, netiweki imavuta, ndipo mafilimu ena sapezeka mwanjira ina. Komabe lamulo la za umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza mafilimu monga limatetezera nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa ntchito imeneyi. Kupatula lamulo, ganizirani za munthu wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amene anagulitsa katundu wake kuti amalize filimu. Ikangofika kokopetsa sabata yomwe yatuluka, ndalama yopangira ina yapita.

Ngati filimu yakwathu ikukhazikitsidwa pafupi nanu ndipo mungakwanitse, lipirani pakhomo, mutengenso mnzanu. Ngati eni ake aiika pa YouTube, tumizani linki ya tsamba lawo lenileni, osati la munthu amene waiba n'kuiikanso, chifukwa kuonera kwanu kumawerengedwa kwa mwini tsambalo. Ndipo potumizapo lembani dzina la filimu pamodzi ndi la amene anaitsogolera, poti mafilimu a mayina ofanana ndi ambiri ndipo mnzanu angathere bandulo pa ina.